Dzanzi la m'manja: pamene kutikita minofu kumathandiza ndi pamene kumalekezera

Pali anthu ambiri amene amadzidzimuka pakati pa usiku dzanja lili dzanzi, zala zikubayabaya ngati mwalowa tisingano. Amalikutumula kangapo, dzanzi n'kutha, iwo n'kugonanso. Kukacha amanyamula khasu kapena kukhala pa makina osokera ngati palibe chimene chachitika, poganiza kuti anangoligonera dzanjalo. Zimenezi zikamachitika usiku ndi usiku, makamaka pa chala chachikulu ndi zala ziwiri zoyandikana nacho, kawirikawiri chimakhala chizindikiro cha vuto limene kuchipatala amalilemba m'Chipwitikizi kuti síndrome do túnel do carpo, ndipo m'Chingerezi carpal tunnel syndrome. M'Chichewa chosavuta, ndi kupanikizika kwa mtsempha wa pamfundo ya dzanja.

Anthu ambiri amayamba ndi kutikita dzanjalo pakhomo, ndipo salakwa. Kutikita minofu ndiponso kukhala tcheru ndi mmene munthu akugwiritsira ntchito manja ake kumachepetsa ululu vuto likadali laling'ono. Koma njira zimenezi zili ndi malire ake. Mtsempha ukapanikizika kwa nthawi yaitali umawonongeka, ndipo mphamvu za dzanja zikhoza kupita osabweranso. Kwa mlimi, telala kapena woyendetsa njinga yamoto, dzanja ndilo limadyetsa banja, choncho kudziwa malirewo n'kofunika.

Chimene chimachitika m'kati mwa dzanja

Pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, pamalo povala wotchi, pali timafupa 8 tosanjana m'mizere iwiri. Timafupa timeneti timapanga kangalande ku mbali ya chikhatho, ndipo pamwamba pake pamadutsa lamba wolimba amene amakatseka ngati chivundikiro. Pamenepa pamapangika kanjira kopanikiza. M'kanjirako mumadutsa zingwe 9 zochokera ku minofu ya mkono, zomwe zimakoka zala munthu akamafumbata, pamodzi ndi mtsempha umodzi wotchedwa nervo mediano.

Mtsempha umenewu si wa magazi. Ntchito yake ndi kunyamula uthenga pakati pa dzanja ndi ubongo. Ndiwo umachititsa kuti munthu azimva kukhudza, kutentha ndi kuzizira pa chala chachikulu, chala chamkombaphala, chala chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Umalamuliranso minofu ya patsinde pa chala chachikulu, imene imathandiza kutsina ndi kutola tinthu ting'onoting'ono.

Mafupa satamuka, lambayonso satamuka. Zingwe zija zikatupa, kapena madzi akachuluka m'thupi, malo m'kanjirako amachepa ndipo chimene chimayamba kuvutika ndi mtsempha, chifukwa ndiwo wofewa kuposa zonse. Kupanikizikako kumakhala kochepa mfundo ya dzanja ikakhala yowongoka, ndipo kumakula ikapindikira m'kati kapena kumbuyo. N'chifukwa chake vutoli limakonda usiku: anthu ambiri amagona atapinda manja pansi pa mutu kapena pachifuwa.

Vutoli si lachilendo kwa madokotala. Mu 1854, dokotala wa ku England, James Paget, analemba za kupanikizika kwa mtsempha umenewu mwa munthu amene anathyoka pamfundo ya dzanja. Patapita zaka pafupifupi 100, George Phalen, dokotala wa manja ku Cleveland m'dziko la America, ndi amene analitchukitsa atafotokoza zizindikiro zake ndi kachiritsidwe kake pa odwala ambiri.

Zizindikiro zake

Poyamba dzanzi limabwera n'kupita. Limamveka usiku kapena m'bandakucha, komanso munthu akagwira chinthu nthawi yaitali dzanja lili lopindika, monga foni, chiwongolero kapena buku. Ena amamva kutentha m'zala, ena amamva ngati zala zatupa ngakhale kuti poziona sizinatupe. Ululu ukhoza kukwera mpaka pachigongono. Kachala kakumapeto sikachita nawo dzanzi, chifukwa kali ndi mtsempha wake wina umene sudutsa m'kanjira kaja. Chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene azaumoyo amafunsa.

Vuto likakula, dzanzi silichokanso ngakhale masana. Munthu amagwetsa kapu asakudziwa, amavutika kumanga mabatani, kulowetsa ulusi m'singano kapena kutola ndalama yachitsulo patebulo. Pamapeto pake mnofu wonenepa wa patsinde pa chala chachikulu umayamba kuphwa, moti poyerekeza manja awiriwo, lodwalalo limaoneka lolowa pamalopo. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti mtsempha wawonongeka kwambiri.

Amene limawagwira kawirikawiri

Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi kuposa abambo, pafupifupi katatu, ndipo limachuluka mwa anthu a zaka zopitirira 40. Amayi oyembekezera amalimva makamaka m'miyezi itatu yomaliza, pamene thupi limasunga madzi ambiri, ndipo kwa ambiri limatha lokha akachira. Matenda a shuga, kunenepa kwambiri, nyamakazi yotupitsa mfundo, kufooka kwa kachiwalo ka pakhosi kotchedwa tiroide ndiponso kuthyoka kwakale kwa pamfundo ya dzanja, zonsezi zimawonjezera chiopsezo.

Ntchito nayonso ili ndi mbali yake. Zoopsa kwambiri ndi ntchito zogwira mwamphamvu mobwerezabwereza, dzanja lili lopindika, ndi zida zimene zimanjenjemera. M'madera a kuno ntchito zotere sizisowa: kulima ndi khasu tsiku lonse, kusinja, kutong'ola chimanga, kusoka fodya, kukama ng'ombe, kufinya zovala, kuphwanya miyala, kugwira makina oboolera ndi odulira m'migodi ndi pa zomangamanga, komanso kuyendetsa njinga yamoto m'misewu ya mabampu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sikuti aliyense wogwira ntchito zimenezi amadwala, koma kwa amene wayamba kale kumva dzanzi, zimakulitsa vutolo.

Si dzanzi lililonse limachokera pamfundo ya dzanja

Asanayambe kutikita, munthu ayenera kudziwa kuti pali matenda ena amene amabweretsa dzanzi ndipo amafuna thandizo losiyana. Dzanzi loyambira kumapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono limayenderana ndi matenda a shuga, HIV, kumwa mowa kwambiri kapena mankhwala ena, monga isoniazida wa chifuwa chachikulu. Amene ali pa mankhwala asawasiye yekha, koma akafotokoze kuchipatala, kumene amapereka vitamini B6 kwa omwa mankhwala a chifuwa chachikulu pofuna kuteteza mitsempha.

Dzanzi limene likubwera pamodzi ndi zigamba zotuwa kapena zofiirira pakhungu, zosamva kukhudza, likhoza kukhala khate. Matendawa akupezekabe m'Mozambique, amachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Ululu woyambira m'khosi n'kutsikira paphewa mpaka m'zala nthawi zambiri umachokera ku mafupa a m'khosi. Ndipo dzanzi lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumavuta kutuluka, ndi chizindikiro cha AVC, matenda oumitsa ziwalo. Pamenepo sipafunika kutikita, wodwala athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Zimene kafukufuku wapeza pa kutikita minofu

Minofu imene imapinda zala siili m'dzanja, ili mumkono, pakati pa mfundo ya dzanja ndi chigongono. Ikagwira ntchito tsiku lonse imalimba ndi kupweteka. Kuitikita kumaimasula, kumachepetsa ululu ndipo kumathandiza munthu kupeza tulo.

Mu 2004, ofufuza otsogozedwa ndi Tiffany Field ku University of Miami anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 16 odwala vutoli. Anawagawa m'magulu awiri. Gulu limodzi linkatikitidwa mkono wodwalawo kwa mphindi 15 kamodzi pa sabata kwa masabata 4, ndipo linaphunzitsidwa kudzitikita lokha tsiku lililonse lisanagone. Pomaliza, a m'gulu limeneli anali ndi ululu wochepa ndipo ankagwira zinthu mwamphamvu kuposa poyamba.

Komabe anthu 16 ndi ochepa, ndipo masabata 4 ndi nthawi yaifupi. Mu 2012, bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo wa m'mayiko osiyanasiyana, linapeza kuti umboni wokhudza zolimbitsa dzanja ndi njira zina zolithandiza ndi manja pa vutoli ndi wochepa ndiponso wosalimba. Tanthauzo lake n'lakuti kutikita kumapepuza, sikuwononga ndalama, ndipo kukachitika mofatsa sikuvulaza, koma sikukulitsa kanjira kaja ndipo sikudzutsa mtsempha umene wawonongeka kale.

Katikitidwe kake

Munthu akhoza kudzitikita yekha ndi dzanja linalo, kapena kuthandizidwa ndi wachibale. Wodwala akhale pansi, mkono augoneke patebulo kapena pamwendo, chikhatho chitayang'ana kumwamba, mfundo ya dzanja ili yowongoka. Mafuta pang'ono odzola kapena ophikira amakwanira kuti khungu lisakhulike.

Wotikita ayambe ndi kusisita ndi chikhatho chonse kuchokera pamfundo ya dzanja kukwera mpaka pachigongono, pang'onopang'ono, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako akande minofu yonenepa ya pafupi ndi chigongono ndi chala chachikulu, mozungulira, ngati mmene amafewetsera mango ndi zala asanawayamwe. Akapeza malo olimba aimepo pang'ono, osakanikiza mpaka wodwala kukwinya nkhope. Atembenuze mkono n'kuchitanso chimodzimodzi kumbuyo kwake.

Akafika pachikhatho, asisite kuchokera pakati kupita m'mbali, atikite mnofu wa patsinde pa chala chachikulu, kenako asisite chala chilichonse kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Pamfundo penipeni, pamene pali timizere ta pakhungu, angodutsapo mopepuka, chifukwa mtsempha wodwalawo uli pansi pomwepo. Amalize ndi kusisita mkono wonse monga anayambira. Mphindi 10 mpaka 15 zimakwana, ndipo nthawi yabwino ndi madzulo asanagone.

Akatswiri a fisioterapia amaphunzitsanso kuyendetsa zala kuti zingwe zija zizitsetsereka bwino m'kanjira kawo. Munthu amawongola zala zonse, kenako amapinda nsonga zokha ngati mbedza, kenako amafumbata chibakera mosalimbitsa, n'kuwongolanso. Pa kaimidwe kalikonse amadikira masekondi pafupifupi 5, ndipo amabwereza kasanu kapena kakhumi, mfundo ya dzanja ili chiwongokere.

Zoyenera kupewa

Dzanzi kapena kubaya kukawonjezeka pamene akutikita, asiye. Ululu si chizindikiro chakuti mankhwala akugwira. Asatikite pamene pali bala, zilonda, chotupa chofiira ndi chotentha, kapena pamene munthu wangogwa kumene ndipo akuganiziridwa kuti wathyoka.

Kuthowa ndi madzi otentha kumafuna kusamala, chifukwa zala za dzanzi sizimva bwino kutentha ndipo munthu akhoza kupsa asakudziwa. Madziwo ayambe wawayesa ndi dzanja labwino. Kutema mphini pamfundo ya dzanja sikufika pamene pali vuto, ndipo pamalopo mitsempha ya magazi ndi ya uthenga ili pafupi kwambiri ndi khungu. Kumanga mfundoyo ndi mphira kapena chingwe cholimba kumangowonjezera kupanikizika. Mankhwala opha ululu monga paracetamol ndi ibuprofeno amapepuza kwa kanthawi koma sachotsa gwero la vutolo, ndipo mayi woyembekezera asamwe ibuprofeno popanda kuuzidwa ndi azaumoyo.

Kukhala tcheru ndi thupi

Kutikita kwa mphindi 15 madzulo sikungapindule ngati maola ena onse a tsikulo dzanja likugwira ntchito lili lopindika ndi lofumbata mwamphamvu. Apa ndi pamene pamalowa chizolowezi chimene m'Chipwitikizi amati atenção plena, m'Chingerezi mindfulness. Ndi kuika maganizo mwadala pa zimene zikuchitika nthawi yomweyo, m'thupi ndi m'mutu, popanda kudzikalipira kapena kuthamangira kuzisintha.

Njirayi inachokera ku kusinkhasinkha kwa Abuda ku Asia. Mu 1979, Jon Kabat-Zinn anaibweretsa m'chipatala cha University of Massachusetts ngati maphunziro a anthu odwala ululu wosatha ndi nkhawa, atachotsamo miyambo yachipembedzo. Lero imaphunzitsidwa m'zipatala za m'mayiko ambiri, ndipo munthu wa mpingo uliwonse akhoza kuichita.

Kukhala tcheru sikumasula mtsempha. Phindu lake lili pawiri. Choyamba, munthu amayamba kuzindikira zimene manja ake akuchita: kuti akufinya mpini kuposa mmene ntchito ikufunira, kuti wagwira foni theka la ola dzanja lili lopindika, kuti dzanzi layamba ndipo ndi nthawi yopuma. Chachiwiri, nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa mmene munthu amamvera ululu, ndipo munthu wodandaula amalimbitsa minofu ya m'mapewa ndi m'mikono asakudziwa. Kupuma mofatsa kumamasula minofuyo.

Zizolowezi za tsiku ndi tsiku

Zizolowezi zimenezi sizifuna ndalama kapena malo apadera. M'mawa asanagwire ntchito, munthu akhale pansi kwa mphindi ziwiri, manja ali pamiyendo, azipuma pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kumamvetsera chala chilichonse. Aone ngati dzanzi la usiku latha kapena likadalipo, ndi zala ziti. Maganizo akathawira kumunda kapena ku ngongole, awabweze mwakachetechete. Kuwabweza kumeneko ndiko kuphunzira kwake.

Pa ntchito, ndi bwino kumangirira kupuma ku chinthu chimene chimachitika kale. Mlimi akafika kumapeto kwa mzere aike khasu pansi, atambasule zala, apume mpweya katatu. Telala achite zomwezo akamaliza msoko, woyendetsa njinga yamoto akatsitsa munthu, wolemba pa kompyuta akamaliza tsamba. Pogwiranso chida adzifunse ngati angachigwire mopepukirapo ntchito n'kuyendabe. Mpini wowonda kwambiri umafuna kufinya mwamphamvu, ndipo kuukulunga ndi nsalu kapena mphira kumachepetsa kufinyako. Ntchito zolemetsa manja, monga kusinja ndi kuchapa, zisaunjikidwe nthawi imodzi ngati pali wosinthana naye.

Madzulo, nthawi yotikita ikhalenso nthawi yomvetsera. Wodzitikita asachite uku akucheza pa foni, koma aike maganizo pa mkonowo kuti adziwe pamene pali polimba ndi pamene pakubaya. Pogona aone mmene waikira manja: asawapinde pansi pa mutu kapena pakati pa miyendo. N'kothandizanso kulemba chizindikiro pa kalendala usiku uliwonse umene dzanzi lamudzutsa. Pakatha mwezi, kalendalayo imasonyeza ngati zinthu zikusintha, ndipo imakhala umboni wabwino wopita nawo kuchipatala.

Thandizo la kuchipatala

Poyambira ndi ku Centro de Saúde yapafupi, kumene amapereka guia yopitira kuchipatala chachikulu ngati pakufunika. Wazaumoyo amafunsa zala zimene zikuchita dzanzi ndi nthawi yake, amayeza mphamvu ya chala chachikulu, ndipo akhoza kuyeza shuga m'magazi. Pali mayeso awiri osavuta. Oyamba, otchedwa dzina la Phalen, wodwala amapinda mfundo za manja kwa masekondi 60 kuti aone ngati dzanzi libwera. Achiwiri, otchedwa dzina la dokotala wa ku France, Jules Tinel, amagogoda pang'ono pamwamba pa mtsemphawo kuti aone ngati kubaya kuthamangira m'zala.

Thandizo loyamba kawirikawiri ndi tala, chomangira cholimba chimene chimagwira mfundo ya dzanja kuti ikhale yowongoka munthu ali m'tulo. Amachivala usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6 asanaweruze ngati chathandiza, ndipo chimayenda bwino pamodzi ndi kutikita. Chimathandizanso amayi oyembekezera, popeza sichifuna mankhwala. Ngati sizikusintha, dokotala akhoza kubaya jakisoni wochepetsa kutupa pafupi ndi kanjira kaja. Jakisoniyo amapepuza kwa masabata kapena miyezi, koma kwa ambiri vuto limabwereranso.

Njira yomaliza ndi opaleshoni yaing'ono. Dokotala amadula lamba uja kuti mtsempha upeze malo. Imatenga pafupifupi mphindi 20, amapha dzanzi dzanja lokha, ndipo wodwala kawirikawiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, koma ntchito yolemera imadikira masabata angapo. Kwa ambiri dzanzi la usiku limatha msanga. Amene anachedwa mpaka mnofu wa chala chachikulu kuphwa, mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina sizibwerera zonse.

Choncho malire ake ndi awa. Amene dzanzi limamubwerera mwa apo ndi apo akhoza kuyamba ndi kutikita, kupumitsa manja ndi kugona mfundo ili yowongoka. Koma ngati papita mwezi popanda kusintha, ngati dzanzi lasiya kuchoka masana, ngati zinthu zayamba kugwa m'manja, kapena ngati patsinde pa chala chachikulu payamba kulowa, nthawi yodzithandiza pakhomo yatha ndipo munthuyo apite kuchipatala. Wodwala shuga asadikire n'komwe mweziwo. Kwa mlimi, ndi bwino kukaonetsa dzanjalo m'chilimwe, ntchito ya kumunda isanachuluke, kuti mvula ikamagwa likhale litapeza thandizo.